Makamera akale a kuno kum'mawa: pamene ntchito yafika

Okutobala 2024

Cholinga cha ntchitoyi n'chakuti makamera a filimu amene anagwirapo ntchito kuno ku Chipata ndi madera ozungulira ajambulenso. Ndikuwafunafuna m'makomo mwa anthu, kuwakonza, kuikamo filimu, n'kuona chimene atulutse. Pambali pa zimenezo ndikulemba m'kope zonse zimene mwini wake angandiuze: anaigula kuti, chaka chanji, ankajambula ndani. Kamera yongokhala m'kabati kuti alendo aziiyamikira sindikuiwerengera. Ikatulutsa chithunzi m'pamene ndimalemba kuti yatheka.

Ena amadabwa kuti makamera otere angapezeke bwanji kuno, makilomita oposa 500 kuchokera ku Lusaka. Alipo, ndipo ukangoona dzina la kamera umayamba kuganizira njira imene inadzera. Ma Zenit ndi ma Praktica amene ndawaona anabwera m'masutikesi a ophunzira amene anatumizidwa ku Soviet Union ndi ku East Germany m'nthawi ya a Kaunda. Ma Yashica ndi ma Olympus ndimawapeza kwa aphunzitsi opuma, kwa anthu amene anagwirapo ntchito ku migodi, ndi kwa ojambula amene ankayenda pa njinga mudzi ndi mudzi. Ena anasiyidwa ndi azungu a ku mishoni kapena alendo opita ku Mfuwe kukaona nyama.

Ndayamba ndi Zenit-E ya amalume. Pondipatsa anati, "Mphwanga, iyi ukaigwetsera pa chala, chothyoka ndi chalacho." Sananame. Ndi chitsulo chokhachokha, ndipo pamodzi ndi lenzi imalemera pafupifupi kilo. Inkapangidwa ku fakitale ya KMZ ku Krasnogorsk, pafupi ndi Moscow, kuyambira 1965, ndipo anaipanga m'mamiliyoni. Pa makamera a fakitale imeneyi, manambala awiri oyambirira a nambala ya kamera kawirikawiri amasonyeza chaka. Yathuyi ikuyamba ndi 74, ndipo zikugwirizana ndi nthawi imene amalume akuti anaigula.

Lenzi yake ndi Helios-44-2 ya 58mm f/2, yomanga mochita kupotokola pa mazinga a M42, omwewonso a Praktica. Shata ndi kansalu kakuda kothamanga kutsogolo kwa filimu, ndipo liwiro lake n'lochepa, kuyambira 1/30 kulekeza 1/500 ya sekondi. Usiku ndinachotsa lenzi, kutsegula chitseko chakumbuyo, n'kuwalitsa tochi kutsogolo kuti ndione ngati kansaluko kaboola. Palibe kuwala kumene kunadutsa. Kamita koyezera kuwala kali pamwamba pa lenzi ndi ka selenium, kosafuna batire, koma selenium imafooka ndi zaka, ndipo singano yake ikungogwedezeka pang'ono ngakhale padzuwa la Okutobala. Kamitako ndikasiya momwemo. Kamera imajambula bwinobwino popanda iko.

Novembala 2024

Mvula yayamba, ndipo ntchito yonse ya mwezi uno yakhala yolimbana ndi nkhungu.

Pafupifupi kamera iliyonse imene ndaipeza inali m'chikwama chake chachikopa, m'sutikesi ya zovala, pansi pa bedi. Eni ake ankati akusunga bwino. Koma chikopa chimamwa chinyezi cha dzinja n'kuchisunga, m'sutikesi muli mdima ndipo mphepo siyenda, ndiye nkhungu imapeza zonse zimene imafuna. Mukaunika lenzi ndi tochi kuchokera kumbuyo mumaona timizere toyera toyambira m'mphepete, tonga ukonde wa kangaude. Tikakhala tatsopano timachoka. Tikakhalitsa timadya utoto wopyapyala umene anapaka pa galasi, ndipo chipsera chake sichichoka ngakhale mutapukuta motani. Chithunzi cha lenzi yotere chimatuluka chotuwa, makamaka dzuwa likakhala kutsogolo.

Helios inali ndi nkhungu kuseri kwa galasi lakutsogolo. Ubwino wake lenzi imeneyi siivuta kumasula. Kamphete kakutsogolo kamene pali dzina kamapotokoka mukakanikiza ndi chinthu cha labala. Ine ndinagwiritsa ntchito chidutswa cha chubu cha njinga chokulunga pa chivindikiro cha botolo. Galasi lililonse ndisanalichotse ndimalijambula ndi foni n'kuika kachizindikiro ka pensulo m'mphepete, chifukwa likabwerera chozondoka chithunzi chimasokonekera m'mbali monse. Ndinapukuta ndi thonje lonyowetsa ndi hydrogen peroxide wa ku famase, kenaka sipiriti, kenaka kansalu kofewa. Nkhunguyo yachoka. Kwatsala kachipsera kamodzi m'mphepete, malo amene kuwala sikudutsa mukachepetsa chibowo cha lenzi cholowera kuwala kufika f/5.6.

Kusunga ndiye nkhani. Chinyezi choyenera lenzi ndi chapakati pa 40 ndi 50 peresenti. Chikamapitirira 60 nkhungu imayamba kusangalala, ndipo kamita kanga kakang'ono koyezera chinyezi kakusonyeza kuti m'chipinda changa dzinja lino timapitirira pamenepo pafupifupi tsiku lililonse. Kunja amagulitsa makabati amagetsi oumitsa mpweya, koma chaka chino, pamene madzi ku Kariba achepa chifukwa cha chilala ndipo magetsi amatha tsiku osaoneka, kabati yotere ingakhale bokosi wamba. Ndagula chidebe chapulasitiki chotseka mothina, ndaikamo timikanda ta silica gel m'sokosi yoyera, ndi kamita kaja. Timikanda ta buluu timasanduka ta pinki tikakhuta madzi. Ndimatithira m'chiwaya chakale n'kuika pa mbaula makala akamazirala, kumatakasa mpaka mtundu utabwerera. Moto waukulu umatiphulitsa.

Anthu angapo andiuza za mpunga, eti umayamwa chinyezi. Umayamwa pang'ono kwambiri, ndipo umabweretsa fumbi ndi anankafumbwe. Mpunga ndi wa mumphika.

Amene muli ndi kamera m'sutikesi, ngakhale simukufuna kundigulitsa, itulutseni m'chikwama chachikopacho lero, muchotsemo batire, muiike pamalo popita mphepo. Batire lakale likatuluka madzi limadya mawaya mpaka mkati.

Disembala 2024

Ndapeza Pentax K1000 kwa abambo ena a ku Kapata, komboni ya kuno ku Chipata, amene anali ndi situdiyo zaka zambiri. Tsopano maso awo afooka, ndipo situdiyoyo inasanduka kantemba. Pamwamba pa kamera palembedwa Asahi, ndiye ndi ya m'gulu loyambirira. Zakumapeto, zimene ankapangira ku China, dzina limeneli anachotsapo. K1000 inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997, zaka zoposa 20 osasintha kwenikweni, ndipo mukaigwira mumamvetsa chifukwa chake. Shata imayenda ndi masipuling'i okha kuyambira sekondi imodzi mpaka 1/1000. Batire ndi la mita yokha, ka LR44 kamene amagulitsa okonza mawotchi ku Saturday Market. Mitayo ilibe pozimitsira, ndiye chivindikiro cha lenzi chikatayika batire limangodyeka.

Vuto lake linali limodzi, lofala pa makamera a ku Japan a zaka zimenezo. Siponji yakuda imene anamata m'mphepete mwa chitseko kuti kuwala kusalowe inasungunuka n'kusanduka phula lomata. Ndinaikokota ndi kamtengo kosongola konyowetsa ndi sipiriti, ntchito yotopetsa yofuna kuleza mtima. M'timikwasa ta chitseko ndalowetsamo ulusi wakuda wolukira majuzi, ndipo pa hinji ndi pamene kalilole amagunda ndamatapo siponji yopyapyala yatsopano. Ulusi sudzasungunuka, ndipo mtengo wake n'ngosatchula n'komwe.

Koma chachikulu mwezi uno si kamera. Titamaliza kukambirana za mtengo, abambowo anatuma mdzukulu kuti atulutse katoni m'chipinda. Munali manegetivu, ena m'maenvulopu, ena opanikiza pakati pa masamba a makope a sukulu. "Mwana wanga," anatero, "izi adzukuluwa afuna akolezere mbaula. Ngati uli nazo ntchito, tenga."

Ndakhala nawo masana angapo tikuunika pawindo. Maso awo saona bwino negetivu, koma ndikawafotokozera chimene ndikuona amakumbukira. Ambiri ndi a pasipoti ndi a makadi a sukulu, nkhope zinayi kapena zisanu ndi imodzi motsatizana. Ena ndi maukwati, makwaya a mpingo, ana obatizidwa, mnyamata ataima pambali pa njinga yatsopano dzanja lili pa belu, mayi atanyamula wailesi pamiyendo. Wailesiyo inali ya situdiyo, akutero, pamodzi ndi jekete ndi tayi zimene ankabwereketsa. Zakuda ndi zoyera ankatsuka okha kuchipinda chakumbuyo. Filimu ya mitundu ankaitumiza ku Lusaka pa basi, ndipo kasitomala ankadikira milungu. Ena sankabweranso, n'chifukwa chake m'katonimu mulinso zithunzi zotsuka kale zimene eni ake sanadzatenge.

Pansi penipeni panali maenvulopu ofiirira okhala ndi chidindo cholembedwa Fort Jameson, dzina lakale la tauni ino. Manegetivu ake ndi aakulu, a makona anayi ofanana, masentimita 6 mbali iliyonse, a filimu ya 120. Amenewa si a Pentax. Abambowo akuti anawatenga kwa bwana amene anawaphunzitsa ntchito, yemwe ankajambula ndi kamera ya maso awiri, yoyang'anira pamwamba itakhala pamimba.

Envulopu ina itatsegulidwa inatulutsa fungo la viniga. Limenelo ndi fungo la filimu imene yayamba kuola: pulasitiki yake ya acetate imatulutsa asidi, imakwinyika, ndipo asidiyo amafulumizitsa kuola kwa zinzake zoyandikana nazo. Sizibwerera m'mbuyo. Ndapatula zonse zonunkha, ndaziika pazokha, ndipo ndi zimene ndayamba kukopera. Zotsalazo ndasamutsira m'maenvulopu apepala atsopano, osati m'mapepala apulasitiki amene amatsekera chinyezi mkati.

Kukopera ndikuchita ndi zimene ndili nazo. Foni yakale ndimaiika chagada itaonetsa zoyera zokhazokha, pamwamba pake galasi la fulemu lokhazika pa mabokosi awiri a machesi kuti timadontho ta sikirini tisaoneke, negetivu pa galasipo, ndiye ndimajambula ndi foni ina yomangirira pa mulu wa mabuku. Pa kompyuta ndimatembenuza zakuda kukhala zoyera. Si zoti n'kukulitsa n'kupachika pakhoma, koma nkhope imadziwika. Ku Lusaka, Sana Ginwalla anayambitsa ntchito ya Zambia Belonging ndi zithunzi zosatengedwa zimene zinapezeka ku Fine Art Studios, ndipo ndikuona kuti kuno kum'mawa katundu wotere aliponso, akungodikira mbaula. Nkhope za anthuwa sindiziika pa intaneti abale awo asanavomere. Munthu anapita ku situdiyo kukajambulitsa cha pakhoma la kwawo, sanapite kukaonetsedwa ku dziko lonse.

Januwale 2025

Mnzanga wa kuntchito wamva kuti ndikugula makamera akale ndipo akufuna kuikapo ndalama. Anawerenga za kamera ya Leica imene inagulitsidwa ma euro 14.4 miliyoni, ndiye akuti tizigula tizisunga, mitengo ikwera.

Nkhani ya Leica ndi yoona. Inagulitsidwa pa okushoni ku Wetzlar, ku Germany, mu Juni 2022. Koma inali imodzi mwa makamera oyeserera pafupifupi 25 okha amene anapangidwa mu 1923, Leica isanayambe kugulitsidwa m'masitolo, ndipo imeneyo, nambala 105, inali ya Oskar Barnack mwini wake, amene anaiyambitsa. Chimene anthu analipira ndi kusowa kwake ndi dzina la mwini wake. Makamera amene ali m'masutikesi a ku Kapata ndi ku Mchini ndi osiyana kutalitali. Olympus Trip 35 anapanga zoposa 10 miliyoni pakati pa 1967 ndi 1984. K1000 zoposa 3 miliyoni. Chinthu chochuluka chonchi sichingalemeretse munthu.

N'zoona kuti achinyamata a ku Ulaya, America ndi Japan abwerera ku filimu ndipo mitengo ya makamera ena yakwera. Mu Juni 2024 Pentax inatulutsa kamera ya filimu yatsopano, Pentax 17, chizindikiro chakuti msika ulipo. Koma msikawo uli kutali. Wogula wa ku London amafuna lenzi yopanda nkhungu, mita yogwira ntchito, ndi ufulu wobweza katundu akapanda kukhutira. Muchotsepo ndalama yotumizira kuchokera kuno, muchotsepo zimene mwawononga pokonza, muone chotsala. Ndipo chaka chilichonse kamera ikudikira wogula, dzinja likudutsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndamuuza kuti ngati akufuna phindu agule soya nthawi yokolola kapena mbuzi ziwiri.

Chimene chandivuta n'chakuti ogulitsa nawonso ayamba kuyang'ana pa eBay. Amaona mtengo umene wina ku America akupempha, osati umene katundu anagulitsidwadi, n'kuusintha kukhala makwacha, ndiye amauma pamenepo ngakhale kamera yawo shata yake inagwira dzimbiri. Wina wanditumizira chithunzi cha kamera yagolide yolembedwa Leica, yokhala ndi chiwombankhanga cha asilikali a ku Germany, akuti ali nayo tsidya la malire a Mwami, ku Malawi. Zimenezi n'zodziwika: ndi ma Zorki ndi ma FED a ku Soviet Union, amene poyamba anali otengera Leica, ndiye anthu ena amawapala n'kulembapo dzina lina. Ndinamupempha achotse lenzi ajambule mkati. Pa Leica yeniyeni kachitsulo kokhudza kumbuyo kwa lenzi ndi kagudumu kozungulira. Pa yakeyo kanali kosongoka, kosazungulira. Sanayankhenso.

Zina mwachidule. Kodak Instamatic imene ndinapatsidwa ulere ikhala yongoonera: imafuna filimu ya 126 ya m'kabokosi, imene Kodak inayambitsa mu 1963 n'kusiya mu 1999. Canon AE-1 ndaikana ngakhale inali yooneka bwino. Ndi kamera yabwino ya 1976, koma shata yake imadalira magetsi, batire likatha kapena waya akaduka mkati basi yafa, ndipo kuno palibe woikonza. Lamulo langa tsopano n'lakuti ndizitenga zoyenda ndi masipuling'i, zimene ndingatsegule ndi sikuludiraiva.

Lamulolo ndaliphwanyira Yashica Electro 35 yokha, chifukwa inali ya wojambula wa pa njinga amene ankazungulira midzi ya kwa Mpezeni, ndipo mwana wake anandipatsa pamodzi ndi kope la ngongole za makasitomala. Inkafuna batire la mercury la mavoti 5.6 limene analetsa kalekale. La 4LR44 la mavoti 6 limagwira mukalikulunga ndi katoni n'kuwonjezera kasipuling'i. Magetsi ayaka, koma pokoka filimu sikumveka kaphokoso ka "gu" kamene Electro yabwino imachita. Ndiye kuti kalabala kakang'ono ka mkati kanasungunuka, matenda odziwika a kamera imeneyi. Kukafika pamenepo n'kofuna kuchotsa mbali yonse yakutsogolo. Ndaiika pambali.

Febuluwale 2025

Filimu yafika kudzera kwa msuweni wochokera ku Johannesburg: Ilford HP5 Plus ya 400 ndi Fomapan ya 100, zonse zakuda ndi zoyera (nambala ikakula, filimu imafuna kuwala kochepa). Ndinamupempha kuti pa bwalo la ndege asaiike m'chikwama chachikulu, chifukwa makina ounikira katundu wa pansi pa ndege ndi amphamvu ndipo amaiwononga. Ya mitundu ndaisiya dala. Mankhwala ake a C-41 amafuna kutentha kwa madigiri 38 kosasinthasintha, ndipo mtengo wake ndi wina.

Kuyesa kwenikweni kunali ku Nc'wala, mwambo wa Angoni, ku Mtenguleni, Loweruka lomaliza la mwezi. Ndinatenga Zenit, Pentax, ndi Olympus Trip 35 imene ndinaitola pa mulu wa zikwama za salaula mwezi watha. Ka Trip ndi kamera kanzeru. Selenium yozungulira lenzi ndi imene imayendetsa zonse popanda batire, liwiro ndi la mitundu iwiri yokha, 1/40 ndi 1/200, ndipo kuwala kukachepa kambendera kofiira kamatulukira m'diso n'kukana kujambula. Ndinaphimba lenzi ndi dzanja, kambendera kanatuluka. Ndiye kuti selenium yake ikadali moyo, mwina chifukwa inakhala mu mdima wa chikwama zaka zonsezi.

Pa Zenit, popeza mita inafa, ndinatsata lamulo lakale la ojambula: dzuwa likawala bwino, chibowo pa f/16, liwiro loyandikana ndi nambala ya filimu. Fomapan ya 100, ndiye 1/125. Mitambo ikaphimba, f/11 kapena f/8. Kumwamba kwa Febuluwale sikukhazikika, ndiye dzanja linali pa mphete ya lenzi nthawi zonse. Helios ilinso ndi khalidwe lake: umalunjika chibowo chili chotsegula, kenaka usanadine uyenera kupotoza mphete yachiwiri kuti chitseke. Impi, gulu la ankhondo a Chingoni, ikamabwera ikuponda pansi, zishango ndi zibonga zili m'mwamba, fumbi ndi matope zikuuluka, kukumbukira mphete imeneyo ndi ntchito.

Pabwalo lenileni, pamene Inkhosi ya Makhosi Mpezeni amalawa zakumunda zoyamba ndi pamene amabaya ng'ombe yakuda, sindinayandikire. Pamenepo pali atolankhani ndi malenzi awo aatali, ndipo lenzi ya 58mm singapikisane nawo. Ndinakhala kumbuyo, kumene magulu amavalira zikopa ndi nthenga, kumene amayi amaombera m'manja akuyeserera nyimbo. Kumeneko munthu umapempha, amavomera, amaima bwino.

Agogo ena aakazi, mikanda ili m'khosi, nditawajambula ndi Pentax anatambasula dzanja. "Tione." Ndinawatembenuzira kamera, anayang'ana chikopa chakuda cha kumbuyo kwake, anachisisita ndi chala. "Nanga ine ndili kuti?" Ndinati ali mkati, atuluka ndikakatsuka. Anaseka mpaka kugwira mnzawo paphewa. "Zija za kale zija! Ndiye udzabweretse, usadzachite ngati anzako aja ankadya ndalama zathu." Ndalemba mudzi wawo m'kope. Pafupi pomwepo anyamata anali ndi timakina tosindikiza zithunzi za pa foni nthawi yomweyo, ndipo mzere wawo unali wautali.

Filimu imodzi ndi zithunzi 36. Tsiku lonse sindinamalize atatu.

Malichi 2025

Kutsuka. Chipinda chamdima ndilibe, koma chofunika mdima weniweni ndi mphindi zochepa zokha, zokulunga filimu pa kawilo n'kuitsekera m'kathanki ka Paterson. Ndimachita usiku magetsi atazima, bulangeti pawindo, thaulo pansi pa chitseko. Kathanki kakatsekedwa zotsala zonse zimachitika poyera.

Mankhwala otulutsa chithunzi pa filimu ndi Rodinal, akalekale, a 1891, ndipo ndawasankha chifukwa botolo lotsegula limakhala zaka osawonongeka ngakhale kotentha. Muyezo ndi gawo limodzi pa magawo 50 a madzi: mamililita 6 pa 300, oyeza ndi sirinji ya ku famase. HP5 pa muyezo umenewu imafuna mphindi 11 madzi akakhala pa madigiri 20. Apa ndiye pali vuto la kwathu kuno. Madzi a pampopi mwezi uno ali cha m'ma 24 kapena 25, ndipo madzi ofunda amafulumizitsa mankhwala, chithunzi chimada kwambiri ndipo timchenga take timakula. Ayezi kulibe chifukwa firiji imakhala yozima. Chandithandiza ndi mtsuko wadothi wa amayi. Madzi ogona mumtsuko pakhonde, m'mamawa amakhala atatsikira pa 21 kapena 22, ndiye ndimachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a nthawi pa digiri iliyonse yopitirira. Ndimatsuka dzuwa lisanatuluke.

Ndimatembenuza kathanki pang'onopang'ono poyamba, kenaka kangapo mphindi iliyonse, n'kukagogoda pa tebulo kuti thovu lisamatirire pa filimu. Nthawi ikakwana ndimakhuthula, kutsukuluza ndi madzi, n'kuthira fixer, mankhwala okhazikitsa chithunzi kuti kuwala kusachiwononge, kwa mphindi zisanu. Potsukuluza pomaliza ndimatsata njira ya Ilford yosawononga madzi: kudzaza n'kutembenuza ka 5, kutaya, kudzaza n'kutembenuza ka 10, kutaya, kenaka ka 20. Madzi a pa mjigo amasiya timadontho toyera filimu ikauma, ndiye omaliza ndimagwiritsa ntchito madzi osungunula aja ogulitsa pothira mafuta, othira m'batire ya galimoto. Muwerenge botolo, asakhale a asidi. Kuyanika ndi kubafa, chitseko chotseka, chopanira zovala pamwamba ndi china pansi kuti filimu isapindike. Fixer wotha ntchito ali ndi siliva, ndiye ndikumusunga m'chigubu, osataya kudimba kapena pafupi ndi chitsime.

Wina anandifunsa za kutsuka ndi khofi. Zimatheka: khofi wosungunula, soda wochapira, ndi vitamini C zimagwira ntchito ya Rodinal. Koma fixer alibe cholowa m'malo cha kukhitchini, ndiye kuitanitsa kunja sikuthawika.

Zotsatira. Pentax yatuluka yoyera, kuwala sikunalowe paliponse, ulusi wa majuzi wagwira. Agogo a mikanda aja atuluka bwino zedi, maso ali pa lenzi, pakamwa pakuyamba kumwetulira. Trip yandidabwitsa: lenzi yake ya Zuiko 40mm ndi yakuthwa kuposa mmene kaonekedwe ka kamerako kangakuuzireni, ndipo pa 36 zonse palibe chimene chada kapena kuyera mopitirira. Zenit ili ndi vuto. Zonse za pa 1/500 mbali imodzi ndi yakuda, kusonyeza kuti kansalu kachiwiri kakupeza koyamba ulendo usanathe. Mafuta akale auma m'magudumu a shata. Pa 1/125 ndi 1/250 zili bwino, ndipo Helios pa f/2 imazunguza masamba a kumbuyo kwa munthu mwa njira yakeyake imene anthu kunja amaifunira lenzi imeneyi. Amalume ndawaonetsa pa foni. Akuti 1/500 sanaigwiritsepo ntchito chigulireni.

M'kope ndalemba kuti zatheka ndi ziwiri, Pentax ndi Trip. Zenit ndailemba theka.

Epulo 2025

Mvula ikutha, kamita m'chidebe kakhazikika pa 45, ndipo timikanda sindikutiumitsanso pafupipafupi.

Manegetivu onunkha viniga ndamaliza kukopera. Ndinapita ndi laputopu ku Kapata kuti abambo a situdiyo aone zazikulu, ndipo anaitana anzawo awiri a mumpingo. Pa zithunzi za Fort Jameson anakangana za sitolo ina ya ku Down Shops, wina akuti ndi iyi, wina akuti inagwetsedwa, koma anagwirizana pa nkhope zingapo ndipo banja limodzi likadali ku Kalongwezi. Ndikawaona mwezi wamawa ndi chithunzi cha agogo awo. Abambowo atulutsanso makina awo okulitsira zithunzi, amene anali pamwamba pa kabati atakutidwa ndi chitenje. Babu linapsa ndipo lenzi ili ndi nkhungu pang'ono, koma chitsulo chonse n'chabwino. Akuti ndisagule, ndibwereke, ndipo tsiku loyamba kusindikiza adzakhalepo.

Zotsala: kutsegula Zenit pansi n'kutsuka magudumu a shata, kalabala ka Yashica, ndi kutsatira mphekesera ya kamera ya maso awiri imene akuti ili kwa mphunzitsi wopuma ku Lundazi. Ngati ndi Yashica-Mat kapena Seagull ya ku Shanghai, filimu ya 120 ikupangidwabe ndipo kawilo ka Paterson kamatambasuka kuilandira. Juni ndi Julaye madzi adzazizira okha, ndiye filimu yotsala ndikusungira nthawi imeneyo. Ku Kulamba, ku Mkaika, kumapeto kwa Ogasiti, ndikufuna kupita ndi Pentax ndi Zenit, koma Gule Wamkulu sajambulidwa mwachisawawa, choncho ndayamba kale kufunsa kwa akuluakulu za chilolezo ndi malo oyenera kuima.

Cha agogo a ku Mtenguleni ndasindikiza kaye pa makina wamba a m'tauni kuchokera pa chimene ndinakopera ndi foni, ndipo ndapatsira mnyamata wa minibasi ya ku Katete amene akudziwa mudziwo. Pepala lenileni losindikizira mu mdima ndi mankhwala ake ndafunsa kwa munthu wina ku Lusaka, wati andiuza mtengo mwezi ukatha.